Holide yayandikira: ana tipite nawo kuti, nanga mabuku ayambe kuwakonda bwanji?

Make Tadala (Chilomoni): Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yapakhomo, ndikufuna nzeru zanu. Sukulu zikutseka sabata yamawa, ana atatu akhala nane mpaka Sepitembala. Wamkuluyo walemba mayeso a Sitandade 8, tsiku lomwe anamaliza anathira makope onse m'katoni n'kukankhira kunsi kwa bedi, akuti chilembo adzachionanso zotsatira zikatuluka. Awiri enawo ntchito n'kulimbirana foni ya bambo awo. Ndikufuna tituluke nawo akaoneko malo, komanso ayambe kuwerenga mwakufuna kwawo, osati chifukwa cha mayeso okha. Ndalama n'zochepa, galimoto tilibe. Anzanga mumatani?

Bambo a Mphatso (Ndirande): Mayi, yambani ndi chapafupi. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, pafupi ndi Civic Centre. Inatsegulidwa mu 1966, koma ambirife timangoidutsa popita ku Limbe. Panja pali mutu wa sitima yakale ndi basi ya nthawi ya Nyasaland. Mkati muli mwala womwe unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Mphatso anaima pamwalawo osafuna kuchoka, akuuzungulira uku ndi uku, kenako anayamba kuwerenga yekha zolembedwa pambali pake, chala chili pamzere, mawu ovuta akundifunsa. Usiku tikudya anafunsa kuti, "Ababa, kodi yatsala kumwambako ingagwenso?" M'mawa mwake ndinakabwereka buku la sayansi kwa msuweni wake wa ku sekondale, ndipo mutu wa dzuwa ndi nyenyezi anaumaliza wonse asanasambe n'komwe. Ine sindinamuuze kuti werenga. Anamutuma ndi mwala uja.

Make Tadala (Chilomoni): Zikomo bambo. Polowa amalipiritsa zambiri?

Bambo a Mphatso (Ndirande): Ayi, n'kangachepe, ana ndiye amachepetsanso. Mukatero tsiku lina muyende wapansi mtauni, mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anatsogolera ntchito yomanga ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzireko za zomangamanga, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuwotcha ndi anthu a konkuno. Ana awerenge mitundu ya njerwa pakhoma paja, adzadabwa.

NaBanda (Area 25): Ife a ku Lilongwe chathu ndi National Library ku City Centre. Kuli mbali ya ana, ndipo khadi yobwerekera mabuku siidula. Ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu nthambi ziliko. Chomwe ndinaona n'chakuti mwana umusiye asankhe yekha. Wanga anatenga buku la zithunzi za njoka, ine mtima suli m'malo, koma ndi lomwe linamutsegula.

A Mwale (Bangwe): Anzanga tisanamizane. Chimanga chikukwera, sopo, shuga, yunifomu ya teremu yatsopano ikudikira. Minibasi ya anthu asanu kupita ndi kubwerera ndi ndiwo za masiku angapo. Ife tinakula osapita kumalo oterewa. Holide inali kumudzi kukatong'ola chimanga ndi kuthyola mtedza, sukulu tinaphunzira bwinobwino. Zokayendazi n'za anthu a ndalama.

NaPhiri (Balaka): A Mwale, za mitengozo palibe angakutsutseni. Koma kumudzi mukunenako kunali kuyenda komweko. Munkakwera basi, kuwerenga zikwangwani za m'njira, kuona mlatho wa Shire, kufika agogo n'kukulandirani ndi nthano. Ana athu a mtauniwa ena sanaonepo nkhokwe. Akamawerenga nkhani ya nkhokwe m'buku la Chichewa amangoloweza, m'mutu mulibe chithunzi.

A Mwale (Bangwe): Apo ndiye ndamva. Koma musatiuze za malo ogona alendo.

Agogo a Yamikani (Nathenje): Ndikulankhula ine, akulemba ndi mdzukulu wanga. Ana anga, m'nyumba mwathu kale munali mabuku awiri okha, Buku Lopatulika ndi la nyimbo. Kuwerenga tinakhwimira momwemo, pa nyali ya koloboyi, bambo athu akutipatsa vesi aliyense. Koma tisanadziwe chilembo n'chimodzi chomwe tinali titadziwa kale kukhala pansi n'kumvetsera nkhani mpaka kumapeto. Tikakolola, madzulo tadya, amayi amati "Padangokhala", ife "Tilitonse". Ukayamba kusinza anzako amakugwedeza kuti uyankhe. Nthano ikatha timaponyerana ndagi. Mwana wozolowera kudikira kuti aone Kalulu apulumuka bwanji, ameneyo buku silimutopetsa, chifukwa akudziwa kuti kutsogoloko kuli kanthu. Inu mukufuna mwana akhale ndi buku pomwe simunamukhazikepo pansi ndi nkhani yapakamwa. M'mera mpoyamba. Zimenezi sizifuna minibasi.

NaBanda (Area 25): Agogo mwalankhula. A National Library omwewo anayendapo m'maboma kujambula nthano kwa akuluakulu kuti zisatayike.

Aphunzitsi (Mponela): Ndiloleni ndilankhulepo ngati wa Sitandade 2. Kuyambira 2016 tikuphunzitsa motsatira National Reading Programme: maliwu a malembo, maphatikizo, mawu, kenako ziganizo. Njirayo ndi yabwino, koma m'kalasi ana ndi ochuluka zedi, sungathe kumvetsera aliyense akuwerenga tsiku lililonse. Gawo limenelo ndi la kunyumba. Pempho langa kwa makolo ndi ili: musasandutse kuwerenga kukhala mayeso ena. Mwana akamawerenga musamudule pa liwu lililonse, musamuseke, ndipo akamaliza musamuunjikire mafunso ngati ali pabwalo la milandu. Mukamasenda mbatata kapena kusadzula masamba, muitaneni akhale pambali akuwerengereni, inu muzingoti "eh, ndiye zinatha bwanji?" Mphindi 15 zakwana. Chinanso, mwana akamayandikitsa buku kumphuno, kutsinzinira diso limodzi kapena kudandaula mutu, mupite naye akamuone maso. Ena timawanena ulesi pomwe zilembo sakuziona.

A Mwale (Bangwe): Aphunzitsi, koma aziwerenga Chingerezi. Pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe. Chichewa amalankhula kale.

Aphunzitsi (Mponela): Kulankhula ndi kuwerenga n'zosiyana, bambo. Mwana yemwe wayamba kuwerenga mosadodoma m'chinenero chomwe akuchimva amakhala ataphunzira kale kuti zilembo zimanyamula nkhani. Luso limenelo amapita nalo ku Chingerezi. Koma mukamuyambitsa ndi buku lomwe mawu asanu mwa khumi sakuwadziwa, amangotchula ngati akuimba, mukamufunsa wamva chiyani, zii. Mapeto ake amadana nalo buku lililonse. Ziwirizi ziziyendera limodzi, koma Chichewa musachinyoze pamaso pa mwana.

NaPhiri (Balaka): Vuto n'lakuti zowerenga za ana za m'Chichewa n'zosowa. Ine ndimasunga masamba a Tamvani a mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News, ndimasankha nkhani zoyenera ana n'kudula. Fuko ndi Boma Lathu zikapezeka ndimatenganso. Ku CLAIM mabuku ena a Chichewa amapezeka. A Chingerezi ndiye ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee m'makhonde a masitolo, mumanenerera mtengo. Mungoyamba mwawerengako masamba angapo musanapatse mwana, ena si a msinkhu wawo.

NaNkhoma (Kasungu): Pali chimodzi chomwe simunachikhudze. M'makomo ambiri holide ndi ya anyamata okha. Mtsikana akadzuka kusesa, kutsuka mbale, kumjigo, kuphika, kubereka mwana wa mlamu, pomwe mchimwene wake ali ku mpira. Madzulo akagwira buku tulo tamupeza kale. Ndiye timadabwa kuti sakonda kuwerenga. Kwathu tinagawana ntchito, mnyamata amatsuka mbale za masana ndi kutunga madzi, ndipo ikakwana 3 koloko aliyense amakhala pamphasa ndi chowerenga, ine ndemwe. Apongozi anga poyamba sanakondwe kuona mdzukulu wawo wamwamuna ali ndi chikolopa, koma pano anazolowera.

Make Tadala (Chilomoni): Achemwali mwandikhudza. Wamkulu ndikunenayu ndi mtsikana, ndipo ndi amene ndimadalira pakhomo. Mwina makope anawakankhira kunsi kwa bedi chifukwa chotopa.

Bambo a Mphatso (Ndirande): Azibambofenso tisabisale. Loweruka lonse kumpira kapena pabawo, ana osationapo tagwira ngakhale nyuzipepala.

Make Chisomo (Matawale, Zomba): Make Tadala, ngati mungakwanitse ulendo umodzi wautali, bwerani ku Zomba. Kuchokera ku Limbe ndi minibasi imodzi, mukanyamuka m'mamawa mubwerera tsiku lomwelo. Chakudya konzani kunyumba, ndi chomwe chimadya ndalama paulendo: mbatata yophika, mazira, zitumbuwa, mtedza, tiyi mu fulasiki. Ngati ndalama yokwerera phiri palibe, Botanical Gardens ili mtauni momwemo, m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, mitengo yake italiitali ndipo ina ili ndi timatabwa ta mayina. Ana anga amapikisana kuwerenga mayinawo n'kulemba m'kope. Chenjerani ndi anyani, jumbo ikakhala pansi osaiyang'anira yapita.

Mukakwera phiri tengani majuzi, mwezi uno kumtundako kumazizira kuposa ku Blantyre. M'njira mupeza anyamata akugulitsa mabulosi m'timadengu ting'onoting'ono. Damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wathu, lili pamwamba pomwepo, ndipo mathithi a Williams si patali kwambiri. Amene ali ndi miyendo afike pa Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Kukayera bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Chisomo atamva dzina la mfumuyo anafunsa kuti Ethiopia ili kuti. Tinakabwereka atilasi kwa aneba, ndipo holide yonse inathera pamapu, akuyendetsa chala kuchokera ku Zomba mpaka ku Addis Ababa, kuwerenga mayiko omwe angadutse. Ku Chingwe's Hole kokha ana aang'ono muwagwire padzanja, dzenjelo ndi lakuya.

A Gondwe (Mzuzu): Nonse mukungotchula za kumwera ndi pakati. Kuno kumpoto, ku Karonga, kuli nyumba ya zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004, muli chigoba cha Malawisaurus, chinyama chakalekale chomwe mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo. Ku Uraha, ku Karonga komweko, mu 1991 anapezako chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni. Ana athu amaona zinyama zoterezi pa TV n'kumaganiza kuti n'za ku America.

NaBanda (Area 25): A Gondwe, Karonga ndi kutali kwa ife, koma mwatipatsa njala. Ife chaka chatha tinapita ku Mua, ku Kungoni. Mishoniyo inayamba mu 1902, ndipo malo a zaluso anayambitsa ndi bambo Claude Boucher mu 1976. Mu Chamare Museum muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, zithunzi ndi zolemba zambiri zoti mwana wa sekondale akhoza kutha tsiku akuwerenga. Muli ndi chipinda cha zigoba za gule wamkulu.

A Kwenda (Linthipe): Pamenepo ndiye ndiimepo, mayi. Zakudambwe si zoonetsa mwana wosalowa. Ife eni mwambo sitimasuka kumva kuti ana akukaziona ngati zidole. Gule ndi wolemekezeka, ngakhale UNESCO inamuzindikira mu 2005. Ulemu umenewo uyambe ndi ife.

NaBanda (Area 25): Pepani a Kwenda ngati ndalankhula mopepuka. Kumeneko sazitenga ngati zidole, wotiyendetsa anafotokoza mwaulemu ndipo m'chipindamo salola kujambula. Koma mwanena zoona kuti kholo liganize kaye. Amene sakumasuka akhoza kudumpha chipindacho, akaone osema ziboliboli akugwira ntchito ndi zojambula za m'tchalitchi.

A Kwenda (Linthipe): Tamvana. Kwathu kuno kulinso zojambula za pamiyala za Chongoni, malo 127, zomwe zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa. Ku Mphunzi ndi ku Chentcherere kumafikika. Mutenge munthu wa komweko akuyendetseni, ndipo ana muwaletse kukhudza kapena kulemba mayina awo pamwala. Malo ena anaonongeka ndi makala a ana asukulu, zimandipweteka mtima.

Achimwene a ku Joni (Johannesburg): Ndikuwerenga zonsezi mtima uli kumudzi. Ana anga kuno amalankhula Chizulu ndi Chingerezi, Chichewa amangomva. Mayi anga amawatumizira nthano pa WhatsApp, mawu okha, Lamlungu lililonse. Wamng'ono amaimvetsera kangapo mpaka nyimbo ya m'nthanomo waigwira. Ndikufuna mabuku a Chichewa a Sitandade 1 ndi 2, wina angandithandize kugula n'kupatsira a basi? Ndalama nditumiza.

NaPhiri (Balaka): Achimwene ndilembereni kumbali, ndikuthandizani.

NaMoyo (Leeds): Kuno laibulale ya mzinda ndi yaulere, mwana amatenga mabuku ambiri nthawi imodzi, moti chowerenga sichisowa. Chosowa ndi chathu. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba, ndimalembamo nthano zomwe ndikukumbukira ndi nkhani za kwathu ku Ntcheu, tsamba lina ndimasiya kuti mwana ajambulepo. Nkhani ya momwe agogo ake anathamangitsira fisi m'khola la mbuzi ndi chikuni chamoto amaiwerenga mobwerezabwereza, chifukwa munthu wake amamudziwa. Make Tadala, mtsikana wanuyo mupatseni kope latsopano paulendopo, akhale mlembi wa banja. Alembe zomwe mwaona, mtengo wa minibasi, zomwe ananena kondakitala, zonse. Madzulo awerengere azing'ono ake. Wotopa ndi mabuku a mayeso nthawi zina amabwerera kudzera m'zolemba zake.

Make Tadala (Chilomoni): Imeneyi ndaikonda kwambiri, amakonda kulemba timakalata kwa anzake. Ndakambirana ndi bambo ake, tiyamba ndi ku Chichiri Loweruka likubwerali, Zomba tiona malipiro akatuluka. Mbale za madzulo kuyambira lero atsuka ndi achimwene ake.

Bambo a Mphatso (Ndirande): Nanga kunyanja palibe akutchulako?

Anamwino (Salima): Bwerani, koma mumve kaye izi. Miyezi ino ndi ya mwera, nyanja imatha kusintha pa kanthawi kochepa, ndiye mwana asalowe m'madzi popanda wamkulu amene akumuyang'ana iye yekhayo, osati wamkulu ali pafoni. Pewani malo a bango ndi a madzi odikha, ndi komwe kumakhala nkhono za likodzo, kwinanso ng'ona. Funsani asodzi a pamalopo, amadziwa. Mwana akayamba kukodza magazi kapena kudandaula m'mimba patapita masabata, thamangirani kuchipatala, mankhwala ake alipo. Mukafika ku Senga Bay m'mamawa mupeza mabwato akubwera ndi usipa, ana afunse mayina a nsomba n'kulemba. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, koma ana ambiri amangodziwa chambo, usipa ndi kampango.

NaNkhoma (Kasungu): Ndibwerere kwa a Mwale pa nkhani ya ndalama. Kwathu kuno ku Wimbe ndi kwawo kwa William Kamkwamba. Anasiya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, n'kupezako buku la sayansi lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zojambula. Ali ndi zaka 14 anamanga makina akewo ndi zitsulo zotola, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu, n'kuyatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Banja lija linalibe ndalama yoyendera. Chomwe chinalipo ndi shelefu ya mabuku yomwe mwana amaloledwa kuifika.

A Mwale (Bangwe): Mawu akuti "amaloledwa" ndi omwe ali ndi nkhani. Pasukulu ina yomwe amaphunzira mwana wa mlongo wanga mabuku analandira, makatoni ndithu, koma ali m'kabati yokhoma kuopa kuti ana ang'amba. Akudyedwa ndi chiswe ali atsopano.

Aphunzitsi (Mponela): Zimenezo zimachitika, ndipo zimayamba ndi mantha, chifukwa buku likasowa amafunsidwa ndi mphunzitsi. Makolo mukalankhule ku komiti ya sukulu ndi ku PTA, mupemphe kuti pakhale kaundula wobwereketsa, kholo lizisainira. Buku long'ambika chifukwa chowerengedwa timamata ndi selotepi, lodyedwa ndi chiswe timataya.

NaBanda (Area 25): Ndiye bwanji ifenso pagulu pano tiyambe kubwerekana? Pakhomo lililonse pali mabuku omwe ana anawapitirira msinkhu. A ku Lilongwe ndikhoza kusunga katoni kwathu, tizikumana Loweruka loyamba la mwezi.

A Mwale (Bangwe): A ku Blantyre katoni ikhale pagolosale panga, ndimatsegula tsiku lililonse kupatula Lamlungu m'mawa. Ndiika kope pakauntala, wotenga azilemba dzina la buku ndi tsiku. Ndili ndi magazini akale a Moni omwe bambo anga ankasunga, ndiyamba ndi amenewo. Koma wobwereka abweze pakatha masabata awiri.

NaPhiri (Balaka): Lembani dzina la mwini mkati mwa chikuto, ndipo mabuku muwakutire ndi pepala la khaki kapena la kalendala yakale asanalowe m'katoni.

Make Chisomo (Matawale, Zomba): Ine ndili ndi a Sitandade 3 ndi 4 a Chichewa okwana ndithu, ndipatsira mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Limbe awasiye kwa a Mwale Lachisanu. Ngati wina ali ndi atilasi yomwe sakuigwiritsa ntchito andisungire, ya aneba ija tinabweza.

A Gondwe (Mzuzu): Atilasi ndili nayo, chikuto chinachoka koma mapu onse alimo. A Mwale, nditumizireni kumbali malo omwe golosale yanu ili, ndipatsira wa basi ya usiku Lolemba.